Mwatola mwala wooneka ngati fupa? Werengani izi musananditumizire chithunzi

Funsoli limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu amatumiza chithunzi cha mwala uli pa mkeka kapena pa tebulo, atautsuka kale ndi sopo mpaka kuwala, pansi pake n'kulemba kuti: "Achimwene, ili si fupa la dainoso? Lingagulidwe zingati?" (Dainoso ndi nyama zakalekale za mtundu wa zokwawa zimene zinatha padziko.) Ndikafunsa kumene wautola, yankho limangokhala "kumudzi" kapena "kumtsinje uko". Apa ndiye kuti zambiri zimene mwalawo ukanatiuza zatayika kale. Ndatopa kulemba yankho lomwelomwelo, choncho ndalemba kamodzi pano, wina akafunsanso ndizingomulozera.

Chimene mukusakacho akatswiri amachitcha fosilo. Ndi chotsalira cha nyama kapena chomera chakalekale chimene chinakwiririka m'matope kapena mumchenga chisanawole. Madzi a pansi pa nthaka ankalowa m'timabowo take pang'onopang'ono n'kumasiyamo laimu, silika (chinthu cholimba chimene chimapanga mchenga wambiri) kapena chitsulo chimene ananyamula kuchokera m'miyala ina, mpaka fupa kapena mtengowo unalemera ndi kuuma. Maonekedwe amatsala a fupa, thupi limakhala la mwala. Muligwiritse limenelo, chifukwa kuzindikira konse kwatsamira pamenepo.

1. Yambani mwadziwa miyala ya kwanu

Malo ambiri a dziko lathu mulibe mafosilo, ndipo ngakhale mutafufuza mpaka imvi simuwapeza. Matanthwe a ku Lilongwe, Dedza, Mzimba, Blantyre, komanso mapiri a Mulanje ndi Zomba, ndi miyala imene inaphikika ndi moto wa pansi pa dziko kapena inauma kuchokera ku chiphalaphala. Fupa silingapulumuke mmenemo. Mukaona mwala uli ndi timibulu tonyezimira tolumikizana, toyera, takuda ndi tofiirira, pitirirani.

Mafosilo amakhala m'miyala imene inayamba ngati matope ndi mchenga wa m'mitsinje ndi m'nyanja zakale. Mumaidziwa chifukwa imasanjikizana mizeremizere, ndipo yambiri mukaikanda ndi msomali imanyenyeka n'kubwerera kukhala mchenga kapena dongo. Ku Malawi yotereyi ili makamaka kumpoto m'mbali mwa nyanja, ndi kuchigwa cha Shire kumunsi.

Ku Karonga kokha kuli mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Yoyamba ndi miyala yofiirira ya ku Mwakasyunguti, ya zaka zoposa 100 miliyoni. Kumeneko n'kumene kunachokera Malawisaurus, dainoso wa khosi lalitali amene chifanizo cha mafupa ake chaima mu Cultural and Museum Centre Karonga. Mafupa ake oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 ndi Frank Dixey, Sidney Haughton n'kuwalemba mu 1928 pa dzina lina, ndipo dzina la Malawisaurus linabwera mu 1993 kuchokera ku gulu la Louis Jacobs, mmene munalinso Mmalawi mnzathu Dr Elizabeth Gomani. Mayi ameneyu ndi amene anatchanso dzina kang'ona kakang'ono ka Malawisuchus mu 1997 ndi dainoso wina, Karongasaurus, mu 2005. Yachiwiri ndi miyala yotuwa ya Chiwondo, yaing'ono kwambiri pa zaka, mamiliyoni ochepa chabe. Mmenemo mulibe dainoso ngakhale mmodzi. Muli mvuu, nguluwe, njovu, mphalapala ndi abale ake, ng'ona, nsomba, nkhono, ndi anthu akalekale.

Ku Chiweta, m'munsi mwa phiri lija magalimoto amalira nalo, kuli miyala yakale kuposa yonseyi, ya zaka zoposa 250 miliyoni, dainoso asanabadwe n'komwe. Kufupi ndi migodi ya malasha ya dera la Livingstonia, miyala yotuwa yong'ambika mapalemapale nthawi zina imasunga zidindo za masamba a mtengo wotchedwa Glossopteris. Abale athu a ku Zambia ali ndi chigwa cha Luangwa ndi mitengo yosanduka miyala ya ku Chirundu, a ku Tete nawo ali ndi yawo cha ku Mágoè. Ngati kwanu simukukudziwa bwino, mapu a miyala ya m'maboma amapezeka ku Geological Survey Department ku Zomba.

2. Kaonekereni kwa eni malo

Palibe khwawa lopanda mwini. Pitani kwa a nyakwawa, fotokozani chimene mukufuna kuona, pemphani munthu wa m'mudzimo akuperekezeni. Ameneyo adzakuuzani pamene pali manda akale ndi nkhalango zosalowa mlendo, ndipo kawirikawiri abusa a ng'ombe amadziwa kale pamene pali "miyala yachilendo" kuposa mapu alionse. M'malo otetezedwa ngati Lengwe, Mwabvi ndi Nyika simuloledwa kutola kanthu, ngakhale kamwala.

Musapeputse izi. Kwathu kuno mlendo wopezeka m'tchire ali ndi chikwama cha mafupa safunsidwa mafunso ambiri. Anthu avulazidwa ndi kumangidwa pa nkhani za mafupa, ndipo gulu likakwiya silidikira kuti mufotokoze za zaka mamiliyoni. Mukapeza chigaza, nsagwada kapena fupa looneka la munthu, makamaka lili ndi mikanda, nsanza kapena mapale a mbiya pafupi, musalikhudze. Uzani amfumu ndi apolisi.

Lamulo nalo lilipo, la Monuments and Relics Act la mu 1990. Limateteza mafosilo pamodzi ndi zinthu zina zakale. Kuyenda n'kuona sikulakwa, koma kukumba kumafuna chilolezo, kutulutsa kunja kwa dziko kumafuna chilolezo, ndipo chimene mwapeza muyenera kuchinena ku boma. Ku Zambia ntchito imeneyi ili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Choncho funso la "zingati" ndaliyankha: palibe msika wovomerezeka woti mukagulitseko. Wokunong'onezani kuti ali ndi mzungu wogula, dziwani kuti akapezeka, wogwidwa ndi katundu m'manja ndinu.

3. Sankhani nyengo, tengani zida zochepa

Wokumba wamkulu ndi mvula. Chaka chilichonse imakokolola nthaka n'kuvundukula zatsopano, ndiye nthawi yabwino ndi pamene mvula yangosiya, kapena udzu utapsa nthaka ili poyera. Musalowe m'khwawa kumtunda kukuchita mdima wa mitambo. Madzi amafika mwadzidzidzi pomwe pamene mwaimapo sipanagwe ngakhale dontho. Yendani m'mamawa. Dzuwa likakhala chapansi, tizinthu totumphuka timaponya mthunzi n'kuoneka, ndiponso kutentha kwa ku Karonga masana si kwa masewera.

Tengani madzi akumwa ambiri, chipewa, nsapato zotseka, foni yodzadza moto, kope ndi pensulo, rula, msuwachi wakale, galasi lokulitsa zinthu, maginito, mpeni, kabotolo ka viniga, ndi mapepala okulungira. Khasu ndi piki zisiyeni kunyumba.

4. Tsatani zidutswa chokwera

Musayang'ane chigoba chathunthu chili ndi mano, chimenecho chimaoneka m'mafilimu. Yang'anani tizidutswa tosiyana mtundu kapena maonekedwe ndi miyala yozungulira. Yendani pang'onopang'ono pansi pa khwawa, maso pansi. Mukaona kachidutswa kamodzi, ikani kamtengo pambali pake, funani kena. Madzi amatsitsa zinthu, sazikweza, choncho gwero lili kumtunda kwa pamene mwaima. Kwerani, mukuika chizindikiro pa chidutswa chilichonse. Zikamachuluka ndi kukula ndiye mukuyandikira. Zikatha mwadzidzidzi, mwapitirira: bwererani pang'ono, yang'anani m'khoma la khwawa pa mulingo umenewo. Mzere wa mwala umene zikutulukamowo ndi wofunika kuposa zidutswa zonse mwaziona kumunsi.

5. Musatole kaye

Apa m'pamene pafupifupi aliyense amalakwa, chifukwa dzanja limathamanga kuposa mutu. Fupa lilibe chaka cholembedwa pa ilo. Zaka zake zimadziwika ndi mzere wa mwala umene linagonamo ndi zinthu zimene linagona nazo limodzi.

Taonani za nsagwada ya ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza mu 1991 n'kuipatsa nambala UR 501. Ndi ya munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zaka zimenezi akatswiri anazipeza poyerekeza nyama za m'mizere yomweyo, makamaka mano a nguluwe zakale, ndi za ku East Africa zimene zaka zake zinali zodziwika kale. Ndipo chifukwa malo ake analembedwa bwino, anatha kubwereranso n'kusefa dothi la pamenepo mpaka kupeza kachidutswa ka dzino kamene kanasowa. Munthu akanaitola n'kuiika pa windo kunyumba, lero bwenzi ili nsagwada yopanda mbiri.

Choncho chinthu chili pomwe mwachipezapo, jambulani zithunzi zitatu: chapafupi rula ili pambali, cha mamita angapo choonetsa khoma la khwawa, ndi chapatali choonetsa phiri, mtengo waukulu kapena nyumba yoti munthu angailondole. Ngati mulibe rula ikani bokosi la machesi. Tsegulani Google Maps, dinikizani pa kadontho kosonyeza pamene muli, koperani manambala aja m'kope. GPS imagwira ngakhale bandulo yatha. Lembani tsiku, mudzi, mfumu, dzina la khwawa monga alitchulira eni ake, mtundu wa mwala, ndiponso ngati chinthucho chinali chotayirira pamwamba kapena chomatirira m'khoma.

Ngati n'chomatirira, kapena mukuona mafupa angapo atandandalikana, ntchito yanu yathera pamenepo. Musachizule. Fupa looneka lolimba m'nthaka limakhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo akatswiri amayamba alimwetsa guluu wapadera n'kulikutira ndi pulasitala asanalinyamule.

6. Kodi n'fupadi? Pano khalani pansi

Malangizo ambiri amangoti "onani ngati likuoneka ngati fupa" n'kupitirira. Komatu maso ofunitsitsa amaona fupa paliponse. Miyala yambiri imene ndimatumiziridwa si mafosilo, ndipo sichochititsa manyazi. Mayeso otsatirawa achiteni pa kachidutswa kotayirira, kapena pa mwala uja munabweretsa kale kunyumba musanawerenge izi. Palibe yeso limodzi lokwanira lokha. Mufune atatu kapena anayi ogwirizana.

Yambani ndi pamene pathyoka kale, osati maonekedwe akunja. Kunja kumanama: madzi amasema miyala m'maonekedwe a bondo, chala, ngakhale chigaza. M'kati simunama. Tengani galasi lokulitsa, yang'anani pa dzuwa. Fupa lili ndi khungu lolimba kunja, lokhala ndi timizere tosalala toyenda motsata utali wake, ndipo m'kati muli timabowo tolukanalukana ngati chinkhupule chosambira. Mu fosilo timabowoto tingakhale titadzala ndi mwala wa mtundu wina, woyera kapena wakuda, koma ulusi wake wolukanawo umaonekabe. Mwala wamba umakhala chimodzimodzi kunja ndi m'kati, kapena umaonetsa timibulu ta mchenga tomatirana. Ngati simukuona kusiyana kwa khungu ndi m'kati, yambani kukayika. Kuti diso lizolowere, kapempheni fupa la ng'ombe louma lothyoka, muziliyang'ana ndi galasi lomwelo mpaka mutalidziwa.

Mukatsimikiza kuti n'fupa, funso lachiwiri n'lakuti ndi lakale kapena ndi ng'ombe ya chaka chatha. Linyamuleni. Fosilo imalemera kuposa fupa latsopano la msinkhu womwewo. Ligogodeni pang'ono ndi msomali: lakale limalira mouma, latsopano limalira mogontha. Tenthetsani singano mpaka kufiira, muigunditse pakona posaonekera. Fupa latsopano limanunkha tsitsi lopserera, losanduka mwala silinunkha kanthu. Musadalire mtundu. Fupa la mbuzi litagona m'dambo zaka zowerengeka limada bii, pomwe mafosilo ena ndi otuwa mbee.

Mwina munamva za kunyambita. N'zoona kuti fupa louma limamatirira pang'ono ku lilime chifukwa timabowo timayamwa malovu. Koma pale la mbiya limateronso, dongo louma limateronso, ndipo fupa limene timabowo take tinadzaliratu silimatirira. Nyowetsani chala m'malo mwa lilime, ndipo musagamule ndi yeso limeneli lokha.

Mano ndiwo osavuta. Amakhala ndi chikuto chonyezimira cholimba kumutu, chimene chimalekeza mooneka bwino pamene muzu wayambira. Dzino la ng'ona ndi losongoka, la nguluwe yakale ndi lalitali lokhala ndi timizati tambiri tothithikana. Zidutswa za chigoba cha kamba zimakhala zaphanthiphanthi, zili ndi mphepete za manomano pamene zinkalumikizana.

Tsopano viniga. Kandani pang'ono ndi mpeni kuti patuluke fumbi, donthezani dontho limodzi, yang'anani ndi galasi. Pakachita thovu ndiye kuti pali laimu. Izi zimathandiza kugwira chonyenga chachikulu cha m'madera ouma: timiyala toyera tamabunthumabunthu timene timamera m'nthaka momwemo, tina totalika ngati zala chifukwa laimu anaundana mozungulira mizu. Timeneti timachita thovu paliponse, kunja ndi m'kati, ndipo tilibe ulusi wa fupa. Koma chenjerani, fupa lenileni likhoza kukutidwa ndi laimu, ndiye thovu la pamwamba silitanthauza kuti m'kati mulibe fupa. Bwererani ku galasi. Ndipo ndi viniga yekha. Asidi wa batire ya galimoto amawononga mwala ndi maso omwe.

Mtengo wosanduka mwala uli ndi mayeso ake. Umaonetsa ulusi woyenda motsata utali, mizere yozungulira pamene waduka, nthawi zina mfundo za nthambi. Wambiri unalowedwa ndi silika, choncho ndi wolimba kwambiri. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, laimu wa m'miyala ali pa 3, galasi ndi mpeni zili cha pa 5.5, silika ali pa 7. Ndiye mpeni suukanda, koma iwo umakanda botolo. Chonyenga chake ndi mwala wa mizere wa m'mapiri athu uja. Kusiyana kwake n'kwakuti mizere ya umenewo imapangidwa ndi timibulu tonyezimira ta mitundu yosiyana, ndipo imapindikapindika mosatsata dongosolo la mtengo.

Patsala zonyenga zina zitatu zimene zimabwera kawirikawiri. Choyamba ndi "dzira la dainoso". Miyala yobulungira imene anthu amaitcha choncho nthawi zambiri ndi nsangalabwi zokulungidwa ndi mtsinje, kapena mibulu imene inaundana yokha m'matope mozungulira kanthu kakang'ono, kapena mwana wa mphero wa makolo athu. Dzira lenileni limakhala ndi chigoba chopyapyala, chofanana kukhuthala ponseponse, chosiyana ndi zam'kati. Musaswe mbulu kuti muone. Ku Chiweta ndi ku Luangwa mibulu ina imabisa mafupa m'kati, ndipo nyundo imawaphwanya. Chachiwiri ndi tizithunzi takuda ta nthambinthambi pa nkhope ya mwala, tooneka ngati kachomera. Timeneto ndi manganizi, chinthu chakuda cha m'miyala, amene analowa mumng'alu ndi madzi. Tsamba lenileni limakhala ndi mphepete ndi mtsempha wapakati. Chachitatu ndi zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo: zakuda, zolemera, zamabowo obulungira a mpweya, zooneka kuti zinayenderera zili zamoto, ndipo zina zimakoka maginito. Mabowo ake ndi osiyanasiyana kukula ndi opanda dongosolo, pomwe a fupa ndi olukana. Zimenezi si fosilo, si mwala wogwa kumwamba, koma musazinyoze. Pamodzi ndi mwana wa mphero uja ndi mapale a mbiya, ndi mbiri ya anthu, ndipo lamulo lomwe lija limaziteteza.

7. Ngati chili kale m'manja mwanu

Musachitsuke. Madzi amalowa m'ming'alu, dongo limafufuma, fupa limanyenyeka. Dothi lomatirirapo lisiyeni, limathandiza kudziwa mzere umene chinachokera. Pukutani fumbi ndi msuwachi wouma basi. Musapake vanishi, mafuta kapena polishi, ndipo musalumikize zothyoka ndi supagulu, chifukwa kumuchotsa kumawononga kuposa kuthyokako. Kulungani chidutswa chilichonse pachokha, ikani kapepala ka pensulo kokhala ndi tsiku ndi malo m'kati momwemo, sungani m'katoni pouma. Za malo osiyana zisasakanikirane.

8. Kanenani

Ngati muli kumpoto, pitani ku myuziyamu ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ndi bwinonso kukaionako musanayambe n'komwe kusaka, kuti muone mafosilo enieni ndi maso. Kwina konse fikani ku Department of Museums and Monuments, imene akuluakulu amaitchabe Antiquities, kapena ku myuziyamu ya ku Chichiri ku Blantyre. Ngati mukuganiza kuti ndi mwala wa mgodi osati fosilo, a Geological Survey a ku Zomba aja ndiwo eni ake.

Tumizani zithunzi zitatu zija, china cha pothyoka chojambulidwa pa dzuwa, manambala a GPS, ndi zotsatira za mayeso anu. Pa WhatsApp tumizani zithunzi ngati document kuti zisafooke, apo ayi timabowo tija sitioneka. Malo enieni musawaike pa Facebook; mukatero Loweruka lotsatira mudzapeza khwawa lonse litagawulidwa ndi ofuna chuma. Maofesi amenewa ali ndi anthu ochepa ndi galimoto zochepa, yankho likhoza kuchedwa. Lembani m'kope tsiku limene munanena ndi amene munamuuza, kumbutsani pakapita milungu ingapo, ndipo ngati mvula yayandikira pomwe fupa likadali m'khoma, nenani zimenezo momveka kuti adziwe kuti nthawi yachepa. Podikirapo, unjikani dothi lofewa pamwamba pake kuti ng'ombe zisaliponde, n'kupempha amfumu kuti ana asamakasewerepo.